Miyambo yosalembedwa ya opalasa njinga: yofunikadi ndi iti?

Wamasipoko

Moni akuluakulu nonse. Ndabwera ndi funso limene ena angalione lachabe, koma ine limandidya mumtima. Malamulo a pamsewu tonse timawadziwa: mbali yoyendera, kuima pa maloboti, nyali kukada. Koma pali zina zimene palibe analembapo, chonsecho wopalasa njinga aliyense amene wakhalitsa pamsewu amayembekezera kuti mnzake azizichita. Kukwezerana dzanja mukakumana. Kufunsa munthu amene waima m'mbali mwa msewu njinga ataigadamitsa. Kuloza dzenje kuti wam'mbuyo asagweremo. Ine ndikuona kuti zinthuzi zikutha pang'onopang'ono, makamaka moni. Mukumana ndi munthu pamsewu wa zii, muli awiriwiri basi, inu mukweza dzanja, iye maso ali pa tayala lakutsogolo. Kodi zimapweteka ine ndekha? Nanga pa miyambo yonseyi, yofunikadi ndi iti, yongokometsera ndi iti?

NaPhiri

Si inu nokha achimwene. Ine moni ndimapereka kwa aliyense, kaya ali pa njinga yampikisano yonyamulika ndi chala chimodzi, kaya pa yakale yolira tcheni. Sindifuna kuti munthu aime ticheze ayi. Kungotukula zala ziwiri pa handulo kapena kugwedeza mutu, zakwana.

Mtsetse

Ndiloleni ndiimire mbali ya osayankhawo. Moni si ngongole. Munthu akukwera mtunda, mpweya ukum'perewera, thukuta likulowa m'maso, mukufuna asiye handulo chifukwa cha inu? Wina akutsika phiri, zala zonse zili pa mabuleki, maso akufufuza miyala. Wina sanakuoneni n'komwe. Ndiponso taonani mizinda imene njinga zili mbwee, monga Amsterdam kapena Copenhagen. Kumeneko palibe amene amapatsa moni wopalasa aliyense wokumana naye, chifukwa mukangoyamba dzanja silitsikanso mpaka mukafike kuntchito. Anthu amenewo tinene kuti alibe ulemu? Moni umayenda pamene opalasa ali ochepa. Pamene ali ambiri ulemu umakhala wina: kusaima mwadzidzidzi pakati pa njira, kukweza dzanja usanaime, kusiya mpata woti wachangu adutse.

Gogo Tcheni

A Mtsetse mwanena zoona, sindikutsutsani. Koma ine ndakalambira pa chishalo, ndiye ndinene chimene ndaona. Moni pawokha sunapulumutsepo munthu. Chimene ndimakondera munthu wopereka moni n'choti maso ake amaona anthu. Amene wakuonani muli pa njinga adzakuonaninso tsiku limene mwakhala pansi m'mbali mwa msewu, manja ali bii ndi girisi. Ndiye mukati ndisankhe mwambo umodzi umene sindingalole kuti ufe, ndi uwu: munthu amene waima ndi njinga osam'dutsa usanam'funse.

Ndipo kafunsidwe kake kalipo. Musafunse kuti "Muli bwino?" chifukwa aliyense amayankha kuti ali bwino, ngakhale amene zam'thina. Chepetsani liwiro mukadali patali, mufunse kuti "Muli nazo zonse?" kapena "Pampu ilipo?" Funso lotere limam'patsa munthu mpata wotchula chimene chikusowa popanda manyazi. Nthawi zambiri chosowacho n'chaching'ono. Guluu wauma, zigamba zatha, pampu sikugwirizana ndi valavu. Mavalavu ofala alipo mitundu iwiri: yonenepa ija ya Schrader, imene imapezekanso pa matayala a galimoto, ndi yowonda ya Presta, imene ili ndi kanati kumutu koyenera kumasula musanapope. Ndaonapo anthu akuvumbwa thukuta kupopa Presta kanatiko kali komanga, n'kumati pampu yawonongeka. Mawu amodzi a wodutsa akanawachotsa pamenepo kalekale.

China, mukaima kuti muthandize, musathamangire kuika chubu chatsopano. Yambani mwayendetsa zala pang'onopang'ono mkati mwa tayala mpaka mutazungulira lonse. Mumva kanthu kakukukandani pachala: kamunga, kagalasi, kapena kawaya kowonda kwambiri kochokera ku matayala otha a malole. Kanthu kameneko kakatsalamo, chubu chatsopanocho chiphwanso musanafike pakona, ndipo mwina chinali chomaliza.

Chemwali wa Giya

Agogo, pa kufunsako ndili nanu ndi mtima wonse. Ndingowonjezera mbali imene abambo ambiri saidziwa. Ukakhala mayi uli wekha pamsewu n'kuyankha kuti "zonse zilipo, zikomo," ena amaimabe, n'kukulanda tayala m'manja, n'kuyamba kukuphunzitsa zimene ukuzidziwa kale. Thandizo limene munthu walikana likayamba kukakamizidwa limaopsa. Funsani, mverani yankho, likakhala loti ayi, pitirirani. Ngati mtima sukulola kum'siya, imani chapatali mum'uze kuti mudikira pang'ono mpaka aone kuti mpweya wagwira.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimandiwawa koposa, ndi munthu wosam'dziwa kubwera n'kumatirira kumbuyo kwa tayala langa osanena kanthu. Umangomva kupuma kwake ndi kulira kwa magiya ake, ukacheuka n'kuona nkhope yachilendo pafupi penipeni. Ukachepetsa liwiro naye achepetsa, ukawonjezera naye awonjezera. Mwina iye akungobisala mphepo, alibe choipa chilichonse mumtima. Koma ine ndidziwa bwanji?

Watsopano

Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene. Kubisala mphepo kumbuyo kwa munthu kumathandizadi, kapena ndi za m'maganizo chabe?

Mphepo Yam'maso

Kumathandiza kwambiri mng'ono wanga. Pamsewu wopanda zitunda, mukafika liwiro la makilomita 25 kapena 30 pa ola, mphamvu zanu zambiri zimathera pokankha mpweya umene uli patsogolo panu, osati pa kulemera kwa njinga. Wakutsogolo ndiye amang'amba mpweyawo, ndipo amene ali pafupi kumbuyo kwake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu zake. Pa chigulu chachikulu ndiye zimaposa apo. Mu 2018 Bert Blocken ndi anzake a ku yunivesite ya ku Eindhoven anayesa chigulu cha opalasa 121, pa kompyuta ndiponso m'chipinda chouziramo mphepo, n'kupeza kuti amene ali pakati chakumbuyo kwa gululo amalimbana ndi mphepo yokwana 5 mpaka 10 peresenti yokha poyerekeza ndi munthu wopalasa yekha.

Ndiye mukuona chifukwa chake pamenepa pali mwambo. Mukakhala kumbuyo kwa munthu mukudya thukuta lake. Pemphani: "Ndingakhale kumbuyo kwanu pang'ono?" Akavomera, nanunso nthawi ina mupite kutsogolo iye apumeko.

Koma nkhani yaikulu si chilungamo chokha, ndi ngozi. Amene sakudziwa kuti muli kumbuyo kwake akhoza kugwira mabuleki, kukhota pothawa dzenje, ngakhale kulavula kumene. Ndipo matayala akakhudzana, amene amagwa ndi wam'mbuyo, chifukwa tayala lakutsogolo ndi limene limaimika njinga. Likangokankhidwira pambali mwapita pansi, okutsatirani onse n'kugwera pa inu. N'chifukwa chake pagulu timati tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lam'mbuyo la mnzanu. Likhale kumbuyo kwake ndithu. Mukafuna kuona kutsogolo sunthirani pambali pang'ono, koma osalowerana.

Watsopano

Zikomo kwambiri. Nanga zizindikiro za manja zija? Ndinayendapo ndi gulu lina, aliyense akuloza uku ndi uku, ine osatolapo kanthu.

NaPhiri

Magulu amasiyana pang'ono, ndiye muzifunsa musananyamuke. Koma zofala ndi izi. Chala chikaloza pansi, pali dzenje kapena mwala mbali imene chalozayo. Dzanja likamagwedezeka chikhatho chitayang'ana msewu, pali mchenga kapena timiyala tomwazika. Munthu akapinda dzanja kumsana n'kumakupizira mbali imodzi, kutsogolo kuli galimoto yoima kapena woyenda pansi, sunthirani kumene akukupizirako. Dzanja m'mwamba, kapena chikhatho chotambasula choyang'ana kumbuyo, ndiye kuti tikuima. Wakutsogolo akagwedeza chigongono akunena kuti watopa, wotsatira abwere.

Chofunika koposa n'choti chizindikiro chisathere pa inu. Munthu wachisanu pamzere sakuona msewu, akuona msana wa mnzake basi. Wachiwiri akachita ulesi osapatsira, dzenje limene woyamba analiloza bwinobwino limakapinda limu la wachinayi. Ngati manja simungawachotse pa handulo, fuulani. Pakamwa sipafuna kuti musiye mabuleki.

Mphepo Yam'maso

Ndiwonjezere ziwiri zimene kawirikawiri palibe amakuuzani. Pokwera mtunda, mukadzuka pa chishalo kuti mupalase chiimirire, njinga imazengereza kwa kanthawi, ndipo wam'mbuyo amaona tayala lanu likum'bwerera. Ndiye dzukani mukuponda pedulo mwamphamvu, kapena nenani kuti "ndikudzuka." Chachiwiri, mukamatsogolera awiriawiri, mahandulo anu afanane ndi a mnzanu. Pali anthu amene nthawi zonse amafuna tayala lawo litsogole ndi theka. Mnzawo akawonjezera kuti afanane nawo, iwo awonjezeranso, mpaka liwiro la gulu lonse lakwera popanda amene anapangana, kumbuyo uko anthu ayamba kutsala mmodzimmodzi.

Mtsetse

Zimenezi ndiye ndikuvomereza, chifukwa zikukhudza khungu ndi mafupa. Koma pali mwambo wina umene ndimaukayikira, wa kudikira. Akatswiri amati mu Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, wovala jezi yachikasu, imene amavala wotsogola, akagwa kapena njinga ikam'vuta, opikisana naye asam'thawe. Ine ndimati mpikisano ndi mpikisano. Mu Tour ya 2010 pa phiri la Port de Balès, Andy Schleck, atavala yachikasu, ndiye anayamba kuthawa anzake, tcheni n'kugwa. Alberto Contador anam'dutsa, tsikulo n'kum'posa ndi masekondi 39. Anthu anam'kuwiza atakwera pansanja. Koma amene anaputa nkhondo anali Schleck mwini wake, ndipo kusamala tcheni posintha magiya ndi mbali ya luso. Akanam'dikiriranji?

Wamasipoko

A Mtsetse, mwasiya mathero ake. Atafika ku Paris, kumene mpikisanowo unathera, Contador anatsogola ndi masekondi 39 omwewo. Ndiye tcheni chija ndicho chinagamula mpikisano wa masabata atatu. Ndipo Contador anapepesa yekha pa kanema zitangochitika. Munthu sapepesa pa chinthu chimene mtima wake uli nacho pamtendere.

Yerekezani ndi Tour ya 2022, potsika phiri la Col de Spandelles. Tadej Pogačar anaterereka pakona n'kugwa. Jonas Vingegaard, amene anavala yachikasu, anachepetsa liwiro n'kum'dikira, ndipo Pogačar atam'peza anam'tambasulira dzanja, n'kugwirana chanza onse ali pa njinga. Vingegaard anapambanabe tsikulo pa phiri la Hautacam, ndipo palibe amene anganene kuti anadyerera tsoka la mnzake. Chipambano chotere ndicho ine ndimachilemekeza.

Mtsetse

Vingegaard anali kale patsogolo ndi mphindi zoposa ziwiri, kudikirako sikunam'luzitse kanthu. Mwambowu umasungidwa pamene suwononga kanthu kwa wousungayo. Mu Giro d'Italia ya 2017, mpikisano waukulu wa njinga wa ku Italy, Tom Dumoulin, atavala jezi ya pinki ya wotsogola, anaima m'mbali mwa msewu m'mimba mutam'vuta. Anzake anazengereza pang'ono, kenako n'kupitiriza, iye n'kutaya mphindi zoposa ziwiri. Giro anapambanabe, koma ndi miyendo yake, osati ndi chifundo cha wina.

Gogo Tcheni

Ana anga, nonse muli ndi mfundo. Koma musaiwale kuti si mwambo uliwonse wosalembedwa umene uli wabwino. Mu Tour ya 2003 pa phiri la Luz Ardiden, handulo ya Lance Armstrong inakodwa ndi chingwe cha kachikwama ka woonerera, iye n'kugwa. Jan Ullrich ndi anzake anachepetsa liwiro, monga mmene Armstrong anam'dikirira Ullrich atagwa mu 2001. Tinawayamikira tonse. Koma anthu a nthawi imeneyo ankasunganso mwambo wina wosalembedwa, wokhalira chete nkhani ya mankhwala oletsedwa. Christophe Bassons atalankhula poyera zodana ndi mankhwalawo mu Tour ya 1999, anzake anam'sala mpaka anasiyira mpikisano panjira. Mu 2012 Armstrong analandidwa zipambano zake zonse 7 za Tour, ndipo chaka chomwecho Contador naye analandidwa cha 2010 chija, n'kupatsidwa kwa Schleck. Ndiye mwambo muziufunsa kuti ukuteteza yani. Ngati ukuteteza amene wagwa, usungeni. Ngati ukuteteza amphamvu a m'gulu kuti asafunsidwe, kapena ukungolekanitsa "ife" ndi "iwo," ukafa ine sindingaulire.

Lamulo lolembedwa nalo limatha kuuma mtima kuposa anthu. Mu Tour ya 1913 foloko ya njinga ya Eugène Christophe inathyoka potsika phiri la Tourmalet. Anayenda pansi makilomita ambiri njinga ili paphewa mpaka kwa wosula zitsulo wa ku Sainte-Marie-de-Campan, n'kuikonza ndi manja ake, chifukwa lamulo linkaletsa kuthandizidwa. Kamnyamata kena kanangom'vukutira moto, oyang'anira n'kum'patsa chilango cha nthawi chifukwa cha zokhazo. Mwanayo anachita zimene munthu aliyense wamtima akanachita.

Chemwali wa Giya

Agogo, za "ife" ndi "iwo" mwakhudza pachilonda. Magulu ena ali ndi timalamulo ta kavalidwe: sokosi zitalike chonchi, magalasi avalidwe pamwamba pa zingwe za chipewa, kachikwama kapansi pa chishalo n'konyansa. Ena amanena moseka, koma watsopano sadziwa kuti n'zoseka. Amabwera ndi njinga yake yolemera ndi nsapato wamba, anthu n'kuyamba kuyang'ana njingayo asanayang'ane nkhope yake. Sabata yotsatira sabweranso. Ine munthu amene amandilozera dzenje ndimam'lemekeza kaya wavala chiyani.

NaPhiri

Tibwerere pa kudikira, koma kwa ife amene sitikupikisana. Apa kwa ine palibe mkangano. Mwanyamuka limodzi, mubwerere limodzi, pokhapokha ngati munagwirizana musananyamuke kuti aliyense ayendere liwiro lake. Kali kokha n'kanyama. Pamtunda aliyense akwere mmene angathere, koma pamwamba tidikirane, ndipo pamphambano iliyonse pakhale woima mpaka womaliza aone kumene takhotera.

Koma pali chinthu chimene achangu amachita osadziwa kuti n'chankhanza. Afika pamwamba, amwa madzi, acheza, mtima wakhala m'malo. Womaliza akutulukira, milomo itatuwa, mapewa akukwera n'kutsika, phazi lisanafike n'komwe pansi, wina akuti, "Takwana, tiyeni!" Ndiye kuti amene wapuma mokwanira ndi amene anali ndi mphamvu kale, pamene amene watheratu sanapume ngakhale pang'ono. Pamtunda wotsatira atsalira kutali koposa poyamba. Nthawi yopuma iziyamba womaliza akafika. Mulekeni amwe madzi, mpweya ubwerere, anene yekha kuti tiyeni. Musam'landirenso ndi m'manja gulu lonse likum'yang'ana, chifukwa ambiri amangofuna kufika mwakachetechete popanda kuonetsedwa kuti anatsala. Chabwino koposa n'choti mmodzi wamphamvu atsike n'kukakwera naye limodzi gawo lotsalalo, akucheza naye za zina.

Watsopano

Amayi NaPhiri, mwanena za ine ndendende. Ndinkaganiza kuti vuto ndine, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya kuyenda ndi gulu.

Belu Langa

Mwakamba zambiri za opalasa okhaokha, koma msewu tikugawana ndi ena. Ife timadandaula galimoto ikatidutsa motipanikiza, kenako ife tomwe timadutsa woyenda pansi mom'khudza malaya, belu osaliza. Njinga siimveka. Munthu amangoona chinthu chadutsa fyuu, mtima n'kudumpha. Belu si chokometsera: pangano la mayiko la malamulo a pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968 limatchula belu lomveka patali, pamodzi ndi buleki, nyali ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, pa zinthu zimene njinga iyenera kukhala nazo.

Koma ulemu uli pa kalizidwe. Lizani mukadali patali, kamodzi kapena kawiri, munthu akhale ndi nthawi yocheuka n'kusankha kolowera. Mukaliza muli kale pamsana pake amadumphira mbali iliyonse, kawirikawiri mbali yomwe inu mumafuna kudutsira. Mukadutsa nenani zikomo. Ana ndi agalu musamawadalire kuti ayenda mowongoka, chepetsani liwiro mpaka loti mukhoza kuima pomwepo. Pa ziweto ndi mahatchi, mawu a munthu ndi abwino kuposa belu. Nyama imadzidzimuka ndi chinthu chobwera mwakachetechete kumbuyo kwake, koma ikamva munthu akulankhula imadziwa chimene chikubwera.

Mtsetse

Nanga amene atseka makutu ndi mahedifoni? Umaliza belu mpaka chala kuwawa.

Belu Langa

Ndiye kuti sanamve, ndipo inu mukudziwa kuti sanamve. Chotsala n'kuchepetsa liwiro n'kum'lambalala patali. Kulakwa kwake sikukupatsani chilolezo chom'gunda.

Wa Mawilo Anayi

Ine ndimapalasa komanso ndimayendetsa galimoto, ndiye mbali zonse ndimaziona. Dalaivala amene wakudikirani kumbuyo pamsewu wopapatiza mpaka atapeza podutsira pabwino, mukwezereni dzanja akamadutsa. Zimaoneka zazing'ono, koma ukakhala pa chiwongolero zimakufewetsa mtima, ndipo wopalasa wotsatira amene ukumane naye amapindula nazo. Gulu likaona kuti kumbuyo kwandanda magalimoto, lipeze malo abwino n'kuwapatsa mpata.

Sindikunena kuti muzidzipanikiza m'mphepete mwenimweni mwa msewu mmene muli miyala ndi magalasi. Ku Britain, malamulo a pamsewu atakonzedwanso mu Januwale 2022, anati dalaivala azisiya mpata wosachepera mamita 1.5 podutsa njinga pa liwiro lofika mamailosi 30 pa ola, ndipo anavomereza kuti kuyenda awiriawiri nthawi zina ndiko kotetezeka. Analimbikitsanso kutsegula chitseko cha galimoto ndi dzanja limene lili kutali nacho, njira yotchedwa Dutch Reach, kuti thupi litembenuke munthu aone njinga imene ikubwera kumbuyo. Chimenechi chinali chizolowezi cha anthu chisanalowe m'malamulowo.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Lole kapena basi ikaima pa maloboti, musalowe pakati pa iyo ndi m'mphepete mwa msewu. Dalaivala sakukuonani pamenepo, ndipo ikamakhota matayala am'mbuyo amadula kona, malo amene munaimawo n'kutsekeka.

Chemwali wa Giya

Pa maloboti pomwepo palinso khalidwe lina. Munthu mwam'dutsa kale chifukwa akuyenda pang'onopang'ono, mwaima pa getsi lofiira, iye akubwera n'kudzaima patsogolo panu. Lobiriwira likayaka muyenera kum'dutsanso, pakati pa magalimoto amene nawonso akunyamuka. Wofika pambuyo aime pambuyo. Ine zimandichitikira kwambiri ndi abambo amene amangoganiza kuti poti ndine mayi ndiwachedwetsa.

Gogo Tcheni

Tisaiwale nyali. Za masiku ano zimawala kutali kwambiri poyerekeza ndi za dayinamo zimene ife tinakulira nazo, ndipo n'zabwino. Koma ena amazilozetsa m'mwamba, wobwera kutsogolo n'kuchita khungu kwa kanthawi, osaonanso pamene msewu wathera. Ku Germany lamulo limafuna kuti nyali yakutsogolo ya njinga izidula kuwala chakumtunda kuti isathobwe anthu m'maso, ndipo nyali zothwanimathwanima pa njinga sizololedwa. Kwina kumene lamulo lotere kulibe, dziyeseni nokha. Kukada tsamiritsani njinga pakhoma, yatsani nyali, yendani masitepe khumi kapena kuposerapo, tembenukani muiyang'ane. Mukatsinzina, iweramitseni. Mukakhala pagulu, yam'mbuyo ikhale yongoyaka, chifukwa amene ali kumbuyo kwanu aiyang'ana ulendo wonse. Ndipo nthawi yamvula ikani madigadi. Madzi amatope amene tayala lanu likuwaza akuthera pankhope ya mnzanu.

Watsopano

Ndaphunzira zambiri lero. Funso limodzi lotsala: munthu akandipatsa chubu chake panjira, ndim'lipire?

NaPhiri

Ngati ndi wa gulu lanu, ulendo wotsatira mubweretse chatsopano, cha saizi yomweyo ndi valavu yomweyo, osadikira kuti akukumbutseni. Ngati ndi wongodutsa, tchulani zolipira kamodzi. Ambiri amakana, ndipo akakana musakakamize. Chubu chanu chophulikacho musachitaye m'tchire. Chipindeni chilowe m'thumba, kunyumba mukachimate chigamba chikhale chapadera.

Mphepo Yam'maso

Ndipo musanalandire, werengani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala lanu. Pakakhala 622 ndiye kuti ndi wilo la 700C, pakakhala 559 ndi la mainchesi 26. Chubu chocheperako pang'ono chimatanuka n'kukufikitsani kunyumba, koma valavu ya Schrader silowa pa bowo la limu lopangidwira Presta, pamene Presta imalowa pa mabowo onse awiri. Ndiye ngati mukufuna kunyamula chubu china choti chingathandize wina panjira, nyamulani cha Presta.